Nsapato za Akamwini Anga

Ndinatsala pang'ono kutaya akamwini anga chifukwa cha ulemu. Anzanga a ku wodi ndikamawafotokozera amaseka mpaka kugwira nthiti, inenso ndimaseka nawo, koma pa nthawiyo mwana wanga ankalira pa foni.

Ndine namwino ndipo ndakhalitsa ku Wakefield, kuno ku Mangalande. Chingerezi ndinabwera nacho kuchokera kwathu, cha asisitere a ku mishoni, chowongoka ngati chosita. Cha kuno ndinachita kuphunzirira pambali pa bedi la odwala. Nkhalamba za ku Yorkshire zimameza theka la mawu, otsalawo n'kukuponyera, pomaliza n'kukutchula "love". Poyamba ndinkadabwa kuti bambo wa mano ochita kuika akundifunsira bwanji mkazi wake ali pomwepo. Lero ndine amene ndimatchula aliyense "love", ngakhale dalaivala wa basi amene wandisiya ndikunyowa pa siteji. Choncho ndinkadziona kuti azungu ndinawamaliza, palibe chimene angandidabwitse nacho.

Kenako mwana wanga wamkazi, yekhayo amene tili naye, anapeza ntchito ku Switzerland, ndipo pamwamba pa ntchitoyo anapezanso mwamuna. Ukwati unachitikira ku Leeds. Anthu anali piringupiringu, ine ndili kalikiliki ndi mapoto a mpunga, moti palibe anaona kuti mkwati ndinkangomulambalala. Patapita miyezi ingapo anandiitana kuti ndikaone kumene akukhala. Amuna anga sanapatsidwe tchuthi, ndiye ndinakwera ndege ndekha, Chingerezi changa chili m'kamwa, mtima uli m'malo.

Pa bwalo la ndege ndinaona akamwini akubwera chothamanga, manja ali tambasu, milomo itakonzeka kale. Mwana wanga anali atandiuza kuti Aswisi amapsompsonana katatu pa masaya, koma ine ndinkayesa kuti zimenezo n'za atsikana okhaokha. Thupi langa silinandifunse. Ndinabwerera m'mbuyo, kupinda maondo pang'ono, kuwomba m'manja, maso pansi. Pansipo ndinapeza nsapato zazikulu zofiirira, zokwerera mapiri, zingwe zake zofiira. Nsapato zimenezi ndinazidziwa bwino mlungu umenewo kuposa mwini wake.

Ankakhala m'tauni yaing'ono, m'nyumba ya mdadada, phiri lili kuseri kwa windo ngati alichita kupachikapo. M'mawa ndinkadzutsidwa ndi mabelu, ndipo ndinkayesa kuti ndi tchalitchi mpaka ndinaona kuti ndi ng'ombe zikudya udzu. Ng'ombe iliyonse ili ndi belu lake pakhosi, yonenepa, yaukhondo kuposa ana ena a sukulu. Ndinaijambula imodzi n'kutumizira achimwene anga kumudzi, iwo n'kuyankha kuti ng'ombe imeneyo ikuoneka kuti ili pa penshoni.

Chimene chinandikomera msanga ndi moni. Kumeneko ukakumana ndi munthu panjira, kaya umamudziwa kaya ayi, amati "Grüezi". Lilime langa linkatulutsa "guruwetsi", koma ankandiyankhabe. Nditakhala zaka zonsezi pakati pa anthu amene mu sitima amayang'ana nyuzipepala kuopa kukupatsa moni, ndinasangalala ngati mwana. Ndinkapita kokayenda dala kuti ndikagawe maguruwetsi. Ndinapatsa moni opalasa njinga, amayi okankha ana, ndi bambo wina amene ndinazindikira mochedwa kuti ankalankhula pa foni.

Chingerezi changa chokha ndi chimene chinatsika mtengo. Aliyense ankachidziwa, ena kuposa odwala anga, koma ankachitulutsa ngati mbale za alendo. Akandiyankha funso langa bwinobwino, ankatembenuka n'kubwerera ku Chijeremani chawo chapakhosi, ine n'kutsala ndikumwetulira khoma. Basi yawo nayo sidziwa kudikira munthu. Tsiku lina ndinaikupizira dzanja ndili chapatali monga timachitira kuno, dalaivala n'kundikupiziranso dzanja mwaulemu, n'kumapita.

Lamlungu tisanapite kutchalitchi ndinatsikira kuchipinda chapansi kumene kuli makina ochapira a mdadada wonse. Ndinapeza kuli zii, ndipo ndinati anthu awa ndi aulesi, makina abwinobwino angokhala. Ndinachapa zitenje zanga n'kuziyanika pakhonde, zikuuluka mokongola kutsogolo kwa phiri. Posakhalitsa kunabwera mayi wachikulire woyandikana nawo nyumba. Anandifotokozera m'Chingerezi chosalala kuti banja lililonse lili ndi tsiku lake lochapa, ndipo Lamlungu ndi tsiku loti makina nawonso apume. Ndinati, "Sorry, love." Mayi uja anayang'ana kumbuyo kwake kuti aone amene ndikumunenayo.

Zonsezi zinkandiseketsa, ndipo madzulo ndinkaimbira amuna anga kuwasimbira. Za akamwini ndinkawayamikira kwambiri. Munthu wofatsa, wodzuka m'mawa, wotsuka mbale osauzidwa. Ndinkaonetsetsa kuti ndikuwapatsa ulemu wonse umene mayi anga ankapatsa amuna anga. Akalowa pabalaza, ine ndinkapita kukhitchini. Tikakumana pakhonde lopapatiza la m'nyumbamo, ndinkatembenukira kukhoma kuti adutse. Dzina lawo sindinalitchule ngakhale kamodzi. Ndikafuna kuwafunsa ngati amwe tiyi, ndinkafunsa mwana wanga iwo ali pomwepo. Nditaphika nkhuku ndinafunafuna nthutumba kuti ndiwaikire, koma nkhuku za kumeneko zimagulitsidwa m'mimba muli mbee, ndiye ndinawapatsa ntchafu zonse ziwiri kudzera kwa mkazi wawo. Mumtima ndinkati mnyamata ameneyu akudziwa kuti apongozi ake amamukonda.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, asewere anga, mayi awo a akamwini, anatiitanira chakudya. Anaika mphika wa tchizi chosungunula pakati pa tebulo, pansi pake kamoto, aliyense n'kupatsidwa foloko yaitali yobayira buledi n'kumaviika. Ndinakondwa kuona azungu akudyera mbale imodzi. Koma tisanayambe, ananyamula matambula. Mwana wanga anandinong'oneza kuti pogundanitsa tambula uyenera kumuyang'ana mnzakoyo m'maso n'kutchula dzina lake, aliyense payekhapayekha, ndipo kuphonya maso ndi mwano waukulu.

Ndi asewere zinayenda bwino. Tinayang'anana ngati tikufuna kumenyana, matambula n'kulira. Ndi mwana wanga chimodzimodzi. Kenako tambula ya akamwini inabwera n'kuima m'malere patsogolo panga. Ndinagunditsa yanga mwachangu, maso ali mumphika wa tchizi, n'kunena kuti zikomo. Tambula yawo inakhalabe m'malere kanthawi, kenako inatsika pang'onopang'ono.

Buledi wanga woyamba anapulumuka pa foloko n'kumira mu tchizi. Asewere anawomba m'manja mokondwa. Anati mwambo wake ndi woti wogwetsa buledi apsompsone amene wakhala naye pafupi. Ndinayang'ana kumanzere, kunali khoma. Ndinayang'ana pansi kumanja, kunali masokosi a akamwini, poti nsapato zija zinali zitatsala pakhomo. Ndinaimirira n'kufunsa njira ya kuchimbudzi, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka ndinatsimikiza kuti nkhaniyo yazizira. Pobwerera ku Wakefield ndinkadzitama mu ndege kuti ndapirira mayesero onse osachititsa manyazi mtundu wanga.

Khirisimasi itayandikira ndinayamba kukonza chipinda cha mwana wanga ndi akamwini, chifukwa tinapangana kuti adzadyera kuno. Ndiye mwana wanga anaimba foni. Iyeyu anachoka kwathu asanayambe sukulu, Chichewa amamva chonse koma poyankha amasakaniza.

"Mum, sitibwera," anatero. "He thinks you can't stand him. Mwamuna wanga akuti safuna kuti muzithawa m'nyumba mwanu momwe chifukwa cha iye."

"Ndani sakumufuna? Ine?"

"Simunamuyang'ane even once, Mum. Simutchula dzina lake. Munathawira ku toilet. Wakhala akundifunsa chimene analakwa, and I don't know what to tell him." Apa anayamba kulira. "Ngati simukumufuna mungondiuza."

Ndinakhala pansi pa masitepe, mapilo atsopano ali m'manja. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinachita mantha, chifukwa mwana mmodzi akasiya kubwera kwanu ndiye kuti nyumba yatha. Ndinazindikiranso kuti mwanayu sanaonepo agogo ake ndi bambo ake ali pamodzi. Ndinamufotokozera kuti mayi anga akakumana ndi bambo akewo panjira ankapatukira kutchire, n'kumalonjerana atafulatirana, koma nkhuku ikaphedwa nthutumba inkasungidwira iwowo ngakhale abwere mawa lake. Ndinati munthu amene sukumuwerengera ndi amene umamuyang'ana m'maso n'kumutchula dzina ngati mwana wa neba.

Anaseka akufwenthera. "So all that was love?"

"Chinali chikondi chenicheni, mwana iwe. Ntchafu ziwiri zija unkayesa n'chiyani?"

Anati akamufotokozera mwamuna wake, ndipo mawa lake anatumiza uthenga woti abwera. Koma ine mtima sunakhazikike. Mnyamata uja anali atanditambasulira manja pamaso pa anthu ine n'kumusiya choncho. Ndinaganiza zoti ndikamulandire m'chikwawo, zivute zitani.

Vuto linali poyeserera. Ndinawapeza amuna anga kukhitchini akudikira ketulo, n'kuwauza kuti aime chilili.

"Mwatani kodi, mayi?"

"Inu ndinu akamwini. Mwangotsika sitima."

Ulendo woyamba tinagundana mphuno. Wachiwiri magalasi awo anakodwa m'duku langa. Sitinkagwirizana kuti amayambira tsaya liti, moti tinkangopita mbali imodzi ngati nkhuku zolimbirana njere. Iwo ankaseka mpaka kutsamira firiji. Anati zaka zonsezi akhala nane sanalandirepo zoterezi masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye Mulungu adalitse dziko la Switzerland. Kuyambira tsiku limenelo ankati ndikangolowa kuchokera ku shifiti, iwo aima kale pakhomo, tsaya atalitchera, akuti tisaiwale homuweki. Za kuyang'ana m'maso ndinkayeserera pa madokotala achinyamata a ku wodi, mpaka mmodzi anandifunsa ngati walakwitsa mankhwala.

Tsiku lofika tinakawadikira pa siteshoni ya sitima, kukuzizira koopsa, kamvula kakuwaza. Sitima yochokera ku Leeds inachedwa monga mwa masiku onse, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwa dziko la eni. Itaima ndinaona nsapato zofiirira za zingwe zofiira zikutsika. Ndinapatsira amuna anga chikwama, kupuma mwamphamvu, kutambasula manja, n'kuyamba kuthamanga ndisanasinthe maganizo.

Akamwini atandiona anaika sutikesi pansi. Anabwerera m'mbuyo, kupinda maondo, kuweramitsa mutu, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati munthu wokulira kumudzi. Maso awo anali pa nsapato zanga.

"Muli bwanji, apongozi?" anatero m'Chichewa chopindikapindika.

Ine liwiro linali litanditenga kale, mabuleki panalibe. Masaya anali atapita pansi, ndiye chimene ndinapeza ndi chipewa chaubweya chonyowa ndi mvula. Ndinachigwira ndi manja awiri n'kuchipsompsona pamwamba, katatu, poti ndi mmene ndinaphunzirira. Mwana wanga anakhala pa sutikesi akulira ndi kuseka. Amuna anga ankauza wantchito wa pa siteshoni amene anaima kutiyang'ana kuti asadandaule, ndi nkhani ya m'banja. Akamwini anakhalabe chiweramire, osadziwa ngati mwambo ukuwalola kudzuka, mpaka ndinachita kuwakoka dzanja.

Kunyumba ndinali nditaphika nkhuku, ndipo nthutumba ndinali nditakagula thumba lathunthu ku shopu ya zakudya za kwathu ku Leeds. Ndinaziika ndekha m'mbale mwawo, osadzera kwa munthu. Anazitafuna molimba mtima, akuyamikira, ngakhale ndikukayika ngati ankadziwa kuti ndi chiwalo chanji.

Tisanadye, amuna anga ananyamula tambula ya juwisi kuti tichite Chiswisi. Ndinagundanitsa ndi iwo, kenako ndi mwana wanga. Tambula ya akamwini inabwera mokayikakayika, mwini wake akuyang'ana mbale ya mpunga kuti andipepukitsire. Ndinawauza m'Chingerezi kuti adzutse mutu. Anadzutsa, ndipo ndinaona koyamba kuti maso awo ndi obiriwira, ndiponso kuti anali atalengeza misozi. Miyezi yonseyi mnyamatayu ankangofuna kuti mayi a mkazi wake amuone.

Dzina lawo linafika pa lilime n'kukana kutuluka, ndipo mpaka lero silinatulukebe. Ndinagunditsa tambula yanga, maso anga ali m'maso mwawo, n'kunena kuti, "Mwana wanga."

Anatembenukira kwa mkazi wawo kuti awamasulire, koma iye anali atabisa nkhope m'kansalu kopukutira m'manja. Anawamasulira ndi amuna anga.