Nambala 14 ya Achimwene a Kondwani

Ndikukumbukira Loweruka lina la mwezi wa Febuluwale, nthawi itangokwana 2 koloko masana, pamene ine ndi abambo tinalowa koyamba m'holo ya masewera pasukulu ya achimwene ku South Bend. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kunja chipale chofewa chinkafika m'akakolo, koma m'katimo munali motentha, mukumveka fungo la mbuliwuli, la thukuta ndi la mankhwala okolopera. Nsapato za anyamata zinkalira pathabwa ngati mbewa zopanidwa. Abambo anavala suti yawo ya kutchalitchi. M'holo monsemo ovala tayi analipo awiri okha, iwo ndi kochi.

M'nyumba mwathu tinalipo atatu: abambo, achimwene a Kondwani, ndi ine Esinati. Amayi anamwalira tisanachoke ku Dedza, ndipo zaka ziwiri zimene ndinkawadwazika ndi zimene zinandidyera sukulu. Nditafika kutsidya la nyanja kuno anandiika m'kalasi ya ana a msinkhu wanga, ine Chingerezi ndikungochimva ngati mvula padenga la malata. Sindinapite nayo patali. Achimwene, amene anandiposa ndi zaka zinayi, sukulu inkawayendera, ndipo analowanso timu ya basiketibolo. Abambo, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, sanakondwe nazo. Ankati sanawolotse ana nyanja kuti azidzadunda mpira. Tsiku limenelo anabwera chifukwa munthu wina kutchalitchi anawauza kuti mwana wawo ali m'gulu la asanu oyamba kulowa m'bwalo, ndipo zinawachititsa manyazi kumvera za mwana wawo kwa ena.

Anatulutsa bolopeni ndi kapepala ka nyimbo za Lamulungu lapitalo. Anati azilemba kamzere nthawi iliyonse imene Kondwani wagoletsa.

Achimwene anavala jezi yoyera ya nambala 14, yowakulira pang'ono m'mapewa. Timu ya alendo inali ndi mnyamata wina wamtali, amene anthu ambiri anabwera kudzamuona iyeyo, chifukwa ankagoletsa kulikonse kumene wapita. Wezulo italira, achimwene anapita kukaima pamaso pake, ndipo sanachokepo. Anawerama, miyendo atatangadza, manja atatambasula. Mnyamata uja akati apite kumanja, ali pomwepo. Akati abwerere kumanzere, n'kuwapeza afika kale. Akati alandire mpira, dzanja la achimwene lili pakati. Koma mpira ukabwera kwa iwo, ankaupereka kwa mnzawo msangamsanga ngati ukuwotcha.

Pofika pakati pa masewera, kapepala ka abambo kanali kopanda kamzere ngakhale kamodzi. Ndinaona khutu lawo likugwedera, monga linkachitira akapsa mtima koma akudziletsa. Anandiweramira n'kundifunsa chapansipansi:

“Kodi mwana wa eni ake uyo anamulakwira chiyani mlongo wakoyu?”

Ndinati sindikudziwa. Inenso ndinkaona ngati ndi ndewu. Kwathu munthu sumuimira panjira, ndipo sumuyandikira mpaka kupumirana. Mnyamata wamtali uja anayamba kukwiya, kumakankha ndi chigongono, kumadandaula kwa woyimbira. Achimwene osamwetulira, maso ali pamimba pa mnzawoyo. Abambo anapinda kapepala kaja kanayi n'kukabweza m'thumba.

Timu ya achimwene inapambana. Holo inagwedezeka ndi phokoso, ana akudumpha pamabenchi. Abambo anaimirira, anamanga mabatani a jekete, anatsikira m'bwalo ine ndili pambuyo, ndipo anakagwira achimwene pamkono anzawo akuwakumbatira. Anawakoka mpaka pakhomo, pamene mnyamata wamtali uja anaima ndi bambo ake, munthu wamkulu thupi wovala kapu. Abambo anavula chipewa, anawerama pang'ono, nayamba kupepesa m'Chingerezi chawo chaulemu chija. Anati mwana wawo sanaleredwe choncho. Anati kunyumba akalankhula naye. Anati ngati pali chimene awiriwa anayambanirana, ndi bwino chithere pomwepo, makolo alipo.

Bambo wa kapu uja poyamba anaganiza kuti wina wavulala. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana achimwene amene anali atazolika ndi manyazi thukuta likudontha pachibwano, kenako anamvetsa. Anaseka mpaka anagwira khoma. Atapuma anagwira abambo chanza nati chaka chonse palibe amene anam'tsekera mwana wake njira chotero, ndipo akanakonda akanakhala timu imodzi. Mnyamata mwini wake sanaseke. Anangoyang'ana kumbali, chikwama chili paphewa.

Tinalowa m'galimoto kubwerera kunyumba. Hita inkawuzira mphepo yozizira, ndipo galasi linkachita nthunzi, ine n'kumapukuta ndi mkono wa juzi. Titaima pamaloboti abambo anati:

“Ndiye ntchito yako ndi yosowetsa mtendere ana a eni?”

“Eya, bambo.”

“Kochi ndiye amakutuma?”

“Ndi amene amandituma.”

“Nanga zigolizo?”

“Alipo ogoletsa, bambo. Ine ndimadifenda.”

Maloboti atasintha, abambo anayendetsa galimoto. “Chabwino,” anatero. “Koma ukatha kumuzunza uzim'patsa moni ngati munthu.”

Achimwene anamvera. Kuyambira tsiku limenelo, masewera akatha ankafunafuna mnyamata amene amamumaka n'kumupatsa moni wa kwathu, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, bondo litapindika pang'ono. Ena ankadabwa, ena ankakana, ena anayamba kubwezera chimodzimodzi. Abambo nawo sanaphonyenso masewera a Loweruka, ndipo bolopeni ankaisiya kunyumba.

Ine ndi amene ndinkaona mtengo wake wa ntchitoyo. Ndinkachapa jezi ija pamanja m'bafa, chifukwa achimwene ankaopa kuti makina ochapira a pansi pa nyumba ayifufuta manambala. Ndinkaona mikwingwirima m'nthiti, zala zotupa, maondo osupuka. Madzulo ankandiimika m'kanjira ka pakati pa zipinda, n'kundipatsa pilo m'malo mwa mpira kuti ndiwadutse nayo. Sindinawadutsepo. Ankati mutu umanama, maso amanama, mpira umanama, koma mchombo sunama, kumene mchombowo ukupita munthu akupita komweko. Kusukulu ndinali mwana wosamva kanthu, koma m'holo muja ndinayamba kuona zinthu zimene akuluakulu okhala pambali panga sankaziona. Chaka chawo chomaliza timu inatenga chikho cha m'chigawo. M'nyuzipepala munatuluka zithunzi za anyamata awiri ogoletsa. Achimwene ankaoneka phewa lokha, kumapeto kwa chithunzi chimodzi.

Sanapitirize mpira. Tonse tinasamukira ku Indianapolis, iwo n'kumagwira ntchito yonyamula odwala pachipatala china m'tauni, ine n'kumasamalira okalamba monga abambo. Abambo anatisiya kalekale. Achimwene anamwalira chaka chatha, mtima utawavuta kwa miyezi ingapo.

Kuno kuli mwambo wakuti wosewera akachita zazikulu, sukulu imapachika jezi yake kudenga la holo, ndipo nambala yakeyo savalanso wina mpaka kale. Manambala a anyamata awiri ogoletsa aja anapachikidwa zaka zapitazo. Maliro atatha, mmodzi wa iwo, amene tsopano ndi bambo wa dazi, anandiimbira foni kuti walembera komiti ya sukulu kupempha kuti nambala 14 ikwerenso. Anati ine, monga wachibale amene watsala, ndikakhalepo. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinayendetsa galimoto kuchokera ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, kumene ndimakhala, ndipo ndinakakhala m'kachipinda ka matebulo aatali pafupi ndi holo yomwe ija.

Mnzawo uja analankhula bwino. Anati masiku amene iye ankagoletsa kwambiri ndi amene Kondwani anam'tengera munthu wovuta, iye n'kumapumitsa miyendo. Kenako mayi wina wa m'komiti, waulemu wake, anatsegula buku la zigoli. Anati sakukayika kuti malemuwo ankalimbikira. Koma chaka chilichonse timu imakhala ndi mnyamata wotero, wotchinga, wosadandaula. Akapachika nambala ya mmodzi, enawo awayankha chiyani? Anati denga ndi laling'ono, ndipo manambala ovala ana amatha.

Funsolo silinandikwiyitse. Ndinaliona kuti ndi loona. Panalinso lina limene ndinabwera nalo ndekha mumtima njira yonse: achimwene anakhala ndi moyo zaka zambiri atachoka pasukulupo, ndipo palibe amene analemba kalata. Kodi tikupempha chifukwa cha mpira umene anasewera, kapena chifukwa chakuti afa? Atandipatsa mpata ndinanena zomwezo, m'Chingerezi changa chothyoka. Ndinawonjezera kuti buku limene mayiwo atsegula limalemba mipira imene inalowa, koma imene sinalowe chifukwa wina anaima panjira ilibe tsamba. Ndinati sindidziwa kuwerenga zinthu zotero, ndinkangochapa jezi. Ndinakhala pansi.

Yankho linabwera pakalata patatha milungu iwiri. Anakana. Anati aika chithunzi chawo m'kanjira kolowera m'holo, ndi dzina lawo pansi pake, ndipo anachitadi. Ndinkaganiza kuti ndakonzeka kumva zimenezo, popeza ndinali nditawathandiza ndekha kupeza chifukwa chokanira. Koma ndinalira m'galimoto pamalo oimika, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi, mpaka mnzanga anagogoda pagalasi kundiuza kuti nthawi yakwana.

Mukandifunsa lero ngati achimwene ankayenera ulemuwo, ndinenabe kuti eya. Timu ija popanda iwo sikanatenga chikho, ndipo amene anasewera nawo akudziwa. Koma sindingathe kunena kuti komiti inalakwa kwenikweni. Ife pamaliro timagawana zovala za malemu. Amayi a kumpingo atabwera kunyumba kwa achimwene anayala zonse pabedi, wina kutenga malaya, wina nsapato. Jekete yawo ya chisanu inapita kwa mwamuna wina amene anali atangofika kumene kuchokera ku Mzuzu. Lamulungu lililonse ndimaiona ikulowa m'tchalitchi, ndipo mtima umadumpha kaye usanakhazikike. Sindikudziwa ngati ikanandithandiza chimodzimodzi itapachikidwa pamsomali.

Zinthu zasintha. Ana a Amalawi amene akusewera masiku ano ali ndi makolo odziwa mpirawo. Ndinamvapo mayi wina ku Speedway, dera lina la Indianapolis, akukuwira mwana wake m'Chichewa kuti am'make mnzakeyo asapume, mwanayo n'kuyankha m'Chingerezi kuti wamva. Palibenso bambo amene angatsikire m'bwalo ndi chipewa m'manja. Nthawi zina ndimaona kuti ndi bwino, nthawi zina ndimasowa anthu ochita manyazi ngati abambo.

Nambala 14 chaka chino akuvala mnyamata wowonda wa tsitsi lalitali. Amagoletsa ndithu, koma potchinga amaimirira chilili, ndipo amanyengeka ndi mutu wa mnzake nthawi iliyonse. Sandidziwa, ndipo sindinamuuzepo kanthu. Nyengo ya mpira ikafika ndimasinthana shifiti ndi mnzanga Loweruka limodzi pamwezi, ndimanyamuka ku Lawrence m'mawa, ndipo ndimapita ku South Bend kukamuonera.