Chipsera cha amai Tisauke

Abale, mwaswera bwanji nonse.

Lero titaweruka m'tchalitchi ku Nabvutika, amai ena achikulire, a Tisauke ochokera ku Chiparamba, andigwira dzanja atamva kuti ndine mwana wa malemu atate athu.

Akuti nthawi ya Chitaganya, ali mtsikana, ankagwa nyimbo ili mkati n'kumanjenjemera. Mpingo unkati ndi Mzimu Woyera, mpaka ena ankabwera ndi odwala kuti mtsikanayo awakhudze. Atate, omwe anali mkulu wa mpingo, sanafulumire kuvomereza. Anapita kukacheza kwawo, n'kumupeza ali ndi bala pamkono, atagwera pamoto akuphika.

Atate anauza makolo ake kuti, "Mzimu wa Mulungu sungaponye mwana pamoto. Uyu akudwala." Anthu anawanena kuti alibe chikhulupiriro, koma m'mawa mwake anamukweza panjinga mpaka kuchipatala ku Fort Jameson. Madokotala anamupeza ndi khunyu, ndipo mtsikanayo anayamba kumwa mankhwala.

Amaiwo anapinda mkono wa malaya n'kundionetsa chipseracho. Ine ndinangoti, "Amenewo ndiwo anali atate anga."

Amaiwo akupempha kukaona manda a atate asanamwalire iwonso. Achimwene, inu mukuti tiwaperekeze liti?