Tebulo la kwa a Zelifa

Kwa Jenala mukafunsa nyumba ya a Zelifa, anthu amangoti, "Pitani kwa mayi a tebulo aja."

A Zelifa anabadwira pomwepo, pamalo a amayi awo. Sukulu analekezera Sitandade 5, kenako anapita ku Limbe kukalera mwana wa eni. Kumeneko ndi kumene anaona koyamba anthu akudyera patebulo loyala nsalu, pakati pali maluwa. Atabwerera kumudzi, zambiri za m'tauni anaziiwala, koma chimenecho ayi.

Chaka cha riferendamu anakwatiwa ndi a Amosi, kalipentala wa kutsinde kwa phiri, amene anabwera kudzakhala chikamwini. Mipando ndi zitseko za anthu ankapangira panja, pansi pa mtengo wa mango. Koma tebulo la mkazi wawo analowa nalo m'nyumba lidakali matabwa, a mkungudza onunkhira, n'kulilumikizira pabalaza pomwepo.

"Inu, utuchi wonsewu m'nyumba? Panja pavuta chiyani?"

"Panja pali mphepo," anayankha a Amosi osadzutsa mutu.

"Mphepo mu Okutobala?"

"Mphepo ya akalipentala simungaione inu. Sesani basi, mayi."

Zokongoletsera sizinali zambiri. Panali nsalu yoyera imene a Zelifa anaipeta maluwa ofiira mbali imodzi, kamtsuko kadothi kong'aluka pang'ono kukamwa, ndi kalichero. Masiku wamba nsalu inkagona chadodolido, maluwa pansi. Pa Khirisimasi kapena kukabwera alendo, ankangoitembenuza. Dzinja m'kamtsuko munkalowa maluwa a m'mbali mwa munda, kenako mpendadzuwa. Masika ankaikamo ngala za mpunga wa ku Chilwa, chisanu chikafika maluwa achikasu a nandolo. Chilimwe, zonse zitauma, kamtsuko kankasunga madzi akumwa, ndipo kalichero kankadzaza mango oyamba. Mango akatha kankakhala chivundikiro cha mbale kuopa ntchentche.

Amayi anzawo ankawanena kumjigo. "Kwa a Zelifa chimanga chikatha adzadya maluwa." A Amosi anawatola mawuwo. Akamakhala pampando madzulo ankafunsa, "Mayi, lero tidya maluwa anji?" Mwana wawo Madalo ankaseka mpaka kutsamwa.

A Amosi anadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalira chaka cha njala, cha 2002, chimanga chisanache. Tsiku lomwelo a Zelifa anachotsa zonse patebulo, nsalu n'kuipinda. Nyumba ya maliro siikongoletsedwa mpaka akuchimuna atabwera kudzasudzula. Ankadziwanso chimene chimachitika tsikulo: nyumba ndi munda zimatsala kwa mkazi ndi ana, koma zimene mkamwini anabwera nazo kapena kupanga ndi manja ake zimapita kwawo. Njinga ya malemu sankaidandaula, ngakhale zipangizo zawo za ukalipentala. Mtima wawo unali patebulo. Pamenepo ndi pamene Madalo ankalembera za kusukulu, ndi pamenenso bambo ake anamwera phala lawo lomaliza atatsamira zigongono.

Anthu atakolola, anabwera a Davison, mng'ono wa malemu, ndi msuweni wawo. Malume a a Zelifa anali atawachenjeza kale: "Usakalimbane nawo. Mwambo ndi mwambo."

Nkhani zinakambidwa panja pamphasa, mwaulemu. A Zelifa anamasulidwa. Njinga inatuluka, bokosi la zipangizo linatuluka.

"Alamu," anatero a Davison akuyang'ana pansi, "kunyumba anandiuza kuti ndisasiye tebulo."

"Tengani, alamu. Ndalipukuta kale."

A Zelifa anaima pakona manja ali kumsana. Amuna awiriwo ananyamula tebulo, koma litafika pakhomo linakana. Analipendeketsa, miyendo inagunda felemu. Analiimika, anayesa kutsogoza mwendo umodzi, osatheka. Thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali chiperoni.

"Kodi linalowa bwanji limeneli?" anadandaula msuweni uja. "Tizule misomali, tikalikhomanso kwathu."

A Davison anagwada n'kusuzumira kunsi. Panalibe msomali ngakhale umodzi. Zonse zinali zolowetsana, zothina ndi zikhomo zamtengo ndi guluu.

"Ndiye tidule miyendo. Sowo ili m'bokosimo," anatero msuweni uja.

"Iwe, mutu ukugwira? Udule miyendo, ukadyera pa chiyani, pa chitseko?"

Malume anatsokomola ali panja. "Khomalo musaliyang'ane. Nyumba ndi yathu."

A Davison anatsegula bokosi la mkulu wawo, natenga tepi. Anayeza tebulo, anayeza khomo, anayezanso. Mbali iliyonse tebulo linkaposa khomo pang'ono pokha, ngati zala ziwiri.

"Felemu iyi anapanga ndani, alamu?"

"Iwo omwe."

"Nanga tebuloli anapangira kuti?"

"Muno." A Zelifa analoza pansi. Utuchi uja anauonanso m'maso mwawo, ndi msana wa mwamuna wawo utawerama pa matabwa. "Ndinawakalipira chifukwa cha utuchi. Anati panja pali mphepo. Mu Okutobala."

A Davison anaseka kamodzi, kuseka kumene kunathera m'misozi. Anakhala pansi, tepi ili m'manja.

"Achimwene sankaphonya muyeso. Ngakhale tili ana, akadula nzimbe zinkakhala zofanana." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Ankadziwa kuti tsiku lina tidzabwera ife. Tilibwezere pamalo pake."

"Nanga kunyumba tikanena chiyani?" anafunsa msuweni.

"Tikanena kuti mwini wake wakana."

Analiika pomwe linali, miyendo m'timaenje take tomwe inakumba pansi pa zaka zonsezo. Alendo ananyamuka dzuwa lisanapendeke, bokosi atalimanga pakaliyala ya njinga.

A Zelifa analowa m'nyumba. Kenako anatulutsa nsalu ija, naiyala maluwa ofiira ali pamwamba ngakhale sinali Khirisimasi. Anapita kuseri kwa nyumba, anathyola nthambi za nandolo zamaluwa, naziika m'kamtsuko.

Madalo atabwera kuchokera kusukulu anaima pakhomo nthawi yaitali. Anaika makope ake pakona ya tebulo, pamalo ake akale, nafunsa chapansipansi, "Amayi, lero tidya maluwa anji?"

"A nandolo, mwanawe. Kasambe m'manja."