Manja a Bamake Karen

Tsiku limene Karen anaitanidwa ku yunivesite kukalandira mwayi wa maphunziro apamwamba, amayi ake anasamba m'manja ndi sopo wochapira mpaka khungu kuwawa. Koma potuluka pageti kasitomala anawaimitsa, ndipo wamalonda sabweza munthu woyamba m'mawa. Anamuthirira malasha m'kapulasitiki nathamangira basi. Ku yunivesiteko pulofesa wa malaya oyera anatambasula dzanja, iwo nalilandira mwa ulemu wa kwawo ku Petauke, dzanja lina litagwira pamkono wa bamboyo. Atachotsa, zala zonse zinali zitadindika pamalaya, zakuda bii. Pulofesa anaseka, Karen anayang'ana pansi, ndipo nkhaniyo inafika komboni kwathu ku Kanyama eni ake asanatsike basi.

Dzina lawo ndi ba Maud Nkole, koma mukafunsa choncho palibe angakulozereni. Funsani Bamake Karen wa malasha, amene kumudzi amati makala. Anayamba malondawa amuna awo ba Enos atamwalira, Karen ali wakubere. Mvula ikadzaza komboni, iwo ankakweza masaka pa matayala akale n'kumagulitsa madzi ali m'akakolo. Malaiti akazima, mzere wa ofuna moto wa pambaula unkafika pa tchalitchi. Ankaseka mokweza, ankakalipa mokweza, ndipo sanaonjezepo miyala pansi pa pulasitiki monga ena amene sitiwatchula.

Malasha amenewo ndiwo anaphunzitsa Karen za nkhalango. Atamaliza digiri yoyamba anakhala pakhomo osapeza ntchito, mpaka bungwe lina linamusankha kuti lilipire zonse: sukulu, chakudya, ulendo, ngakhale majombo. Ntchito yake inali kupita kutchire kumene anthu anaotchako makala, kukapima zitsa ndi kuona ngati mitengo ikuphukanso. Amayi ake anauza aliyense wogula, ngakhale amene sanafunse.

Pamenepo ndi pamene panalakwika. Karen anabwera patchuti atavala ovolosi yobiriwira, ndipo mwaulemu wake anafunsa ba Fanwell, mwini lole imene inkatula masaka kwa amayi ake, kuti mauvuni awo ali cha kuti. Mwezi womwewo lole ya malasha ya munthu wina inagwidwa ndi a boma oona za nkhalango pamsewu wa ku Mumbwa, masaka onse n'kulandidwa. Kanyama safuna umboni wambiri. Ovolosi yobiriwira, mafunso, lole yogwidwa: mlandu unatha.

Ba Fanwell anayamba kudutsa pageti osaima. Bamake Karen anawatsata mpaka kumsika.

"Ba Fanwell, nakulakwilani chani?"

"Bamake Karen, osanimvela kuipa. Mwana wanu manje ni wa folesiti. Naise tili na bana."

"Ni sukulu chabe! Apima mitengo, sagwila bantu."

"Wamene apima lelo ndiye azagwila mailo," anatero ba Fanwell, akumanga chingwe osawayang'ana.

Bamake Karen anayesa obweretsa malasha panjinga, koma nawonso anali atamva kale. Pamalo pamene panali mulu wa masaka panatsala dothi lakuda, nkhuku n'kumapalasa. Makasitomala anawolokera kutsidya la msewu kwa ba Petronella, mnzawo wa m'kwaya, amenenso anali mdani wawo pamalonda kuyambira kale.

Karen atamva anabwera ndi chikwama chake chonse. Oyandikana nawo anamva zonse, pakuti makoma athu sasunga mawu.

"Mami, nizaleka. Nizafuna nchito ku mafakitale, ba Fanwell bazaona kuti sindine wa folesiti."



"Batate bako banasilila ku mafakitale na masaka pa msana," anatero mayiyo, mawu ali pansi. "Ine nagulisa mitengo yakufa zaka zonse izi kuti iwe upite. Ukaleka, ninshi yanafela chani? Vala majombo."

Mawa lake anamuperekeza pa basi. Sanalire, koma pobwerera anadutsa njira yakuseri.

Lero Bamake Karen amakazinga vitumbuwa pageti lomwelo. Phindu lake n'lochepa, ndipo kuseka kuja sikumvekanso kutali. Karen amaimba foni kuchokera kutchire, kuwauza kuti zitsa zina zikuphuka, zina ayi, iwo n'kumavomera ngati akumva za abale odwala. Karen akakhala ndi kena kotsala amatumiza, koma ndalama ya sukulu ndi ya sukulu.

M'mawa uliwonse Bamake Karen amawoloka msewu kukagula kapulasitiki ka malasha kwa ba Petronella. Sabata yatha, powapatsa pulasitikiyo, ba Petronella anawagwira dzanja, nalitembenuza uku ndi uku pamaso pa anthu onse.

"Bamake Karen, manja yayela manje, mungagwile na pulofesa. Koma mwayonda, mwandi."