Chitseko Chimene Sichinapse

Tsiku limenelo aphunzitsi analemba pa bolodi liwu la Chipwitikizi lakuti porta, ndiye kuti chitseko. Kunali kwathu ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Tisanamalize kukopera, mfuti zinalira cha kumsika.

Ndinathamangira kunyumba. Denga linali likuyaka. Bambo anali gone pansi pa mtengo wa mango, chipolopolo chitawaswa ntchafu.

Anthu ankadutsa ndi mitolo pamutu. Amalume anaima, nayang'ana bala lija. Anauza mayi kuti, "Mlongo, asiyeni awa. Mufera limodzi nonse."

Mayi anatenga nkhwangwa nazula chitseko pa nyumba yoyakayo. Chinali cha mlombwa. Bambo anachipala okha chaka chimene anakwatira. Tinawagoneka pamenepo ndi kuwamanga ndi chitenje.

Mayi anagwira kutsogolo. Ine ndi mkulu wanga Rozina tinagwira kumbuyo, aliyense ngodya yake.

Mlombwa ndi wolemera. Mahinjesi anandidya dzanja lamanja. Chipsera chake ndikadali nacho.

Tinkapewa msewu. Tinkadya chinangwa chachiwisi m'minda imene eni ake anathawa.

Tsiku lachiwiri bambo anati tiwatsitse pansi pa mkuyu, ife tizipita. Mayi sanacheuke. Anati, "Aisraeli sanasiye ngakhale mafupa a Yosefe ku Igupto. Inu mukadali moyo. Khalani chete."

Tsiku lachinayi tinawoloka malire n'kufika pa Chiringa. Mayi wina wa Chisilamu, wogulitsa mchere, anatimwetsa madzi. Mwamuna wake anatengera bambo kuchipatala pa njinga, koma chitseko chija sitinachisiye. Mwendo anaudula. Bambo anakhala zaka zina khumi, akupala matabwa ali chikhalire, akuyimba nyimbo za Mulungu.

Sabata yatha mdzukulu wanga Tadala ankawerenga pa foni za liwu la Chingerezi lakuti door. Akuti limatanthauza chitseko, khomo, ngakhalenso mwayi. Akuti m'Chisipanishi amati puerta, pafupifupi liwu lomwe lija ndinasiya pa bolodi. Anandifunsa ngati pali tanthauzo lina limene ndikulidziwa.

Ndinamugwira dzanja ndi kuliika pa chitseko cha nyumba yanga, pa ngodya yakuda imene moto unanyambita. Amene anayatsa moto uja ankayesa atimaliza. Yehova sanalole. Chitsekocho chimatsegulidwa m'mawa uliwonse.

Tinatuluka anayi, tinafika anayi. Amalume anatsogola opanda katundu. Sitinamvenso za iwo.