Tambala wa ku Kuntaja amene ndinakuseketsani naye

Anzanga, Noel ndinakumana naye chifukwa cha mvula.

Munali mu Disembala, osati wangothayu koma wa chaka chinacho. Ndinapita ku Lirangwe kukaluka kasitomala wanga, pobwerera mvula n'kundithamangitsira pakhonde la golosale. Inu mukundidziwa ine Princess wa pa Chileka, ndikangoima pang'ono foni ili m'manja, kusaka zoti tiseke pa peji pano. Tsiku limenelo ndinapeza kavidiyo ka mbuzi yovala chipewa cha Khirisimasi, itakwera kabaza ngati bwana.

Ndinaseka mpaka misozi.

"Achemwali, kuseka nokha n'kumana," anatero wina pambali panga. "Tigaireniko."

Kucheuka... mayo ine! Wamtali, shati yonyowa, jumbo ya mango m'manja. Ndinamuonetsa. Anaseka mpaka mango awiri kugubudukira m'matope.

"Ndine Noel. Ndimakonza mafoni apo. Yanuyi galasi lasweka, bwerani nayo."

"Ndilibe ndalama."

"Ndani watchula ndalama?"

Mvula inakata, koma tonse tinakhala ngati sitinaone.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi kavidiyo kochokera kwa iye. Zambiri zimene munaseka chaka chathachi ankanditumizira ndi iyeyo. Nkhope yake sindinakuonetsenipo, ndinkangojambula dzanja lake litagwira langa, inu n'kumamutcha Bambo Dzanja. Ndinkati za mtima n'zobisa, anthu angandilodzere.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankabwera ku Chileka. Tinkakhala pachulu kuseri kwa munda wa amayi, chimanga chikuwirira, n'kumadikira ndege.

"Iyo ikupita ku Joni," ankatero. "Tsiku lina tidzakwera, iwe udzakhala kuwindo."

"Ine ndimaopa."

"Udzatsinzina, ine ndizidzakuuza mmene mitambo ikuonekera."

Eee anzanga, ndinkatsinzinadi pomwepo. Ndinkaona kanyumba kathu ka malata, saluni yanga kutsogolo, benchi yake ya mafoni pambali, ana awiri akulimbirana limoti. Ndinamukonda mnyamata ameneyu, sindikubisirani.

Mu Novembala ndinalimba mtima.

"Noel, amayi akufunsa. Akwanu abwera liti kudzaonekera?"

Anayang'ana kumwamba kanthawi. "Pa 26 Disembala. Amalume anga abwera, bebi. Usadandaule."

Ndinathamanga kukauza amayi. Amayi anaimbira achimwene awo, amalume a Howard, amene ndi nkhoswe yathu. Sabata yonse ya Khirisimasi inu munkaona ndikuposita makatani atsopano, ndikuzira pakhonde, ndikuvina ndi tsache. Munkafunsa kuti kwagwanji, ine ndinkangoyankha kuti dikirani.

Pa 26 amayi anapha nkhuku, anaphika mpunga, tinabwereka mipando ya pulasitiki kwa aneba. Amalume anafika 9 koloko atavala jekete, dzuwa lonse lija.

Teni inakwana. Thwelofu. Foni ya Noel yozima.

"Mwina msewu wavuta ndi matope," anatero amayi.

"Alendo a ulemu sathamanga," anatero amalume, akudzipepesa ndi chipewa.

Ndinalowa kuchipinda n'kutsegula inibokosi kuti ndiiwaleko. Mmodzi wa inu, Emmie, anali atanditumizira vidiyo: "Sisi Princess, izi zachitika pompano ku Kuntaja, positani tiseke!"

Chinali chinkhoswe. Ankhoswe akupatsana nkhuku monga mwa mwambo, tambala wa kuchimuna n'kupulumuka m'manja, ulendo m'munda wa chimanga! Azibambo a masuti pambuyo, wina kuterereka chagada. Netiweki inkakoka, vidiyo inaima pakati. Ine ndinali nditaseka kale. Ndinaposita osaimaliza, n'kulemba kuti: "Tambala wakana banja!"

Inu munayamba kugwa nazo. Makomenti mbwee.

Kenako vidiyo ija inatseguka yonse.

Wina wa suti yotuwa anadumphira tambala uja, n'kudzuka naye m'manja, matope thupi lonse. Azimayi nthungululu. "Mwini mkazi wagwira! Doreen, kamupukute mwamuna wako!" Mtsikana wovala bwino anathamanga n'kumupukuta kumaso ndi chitenje. Iye anatembenukira ku kamera akuseka.

Noel.

Ndinaibwereza kanayi, anzanga. Ndinkati mwina maso.

Ndinatenga foni ya amayi n'kuimba nambala yake ina ya kuntchito. Anayankha, kumbuyo zoimbira zikugunda.

"Noel, amalume akudikira."



"Princess... ndimafuna ndikuuze. Doreen ndi wakumudzi, ndi woyembekezera. Makolo anakambirana kalekale."

"Nanga bwanji unandipatsa tsiku lomweli?"

"Unandifunsa mwadzidzidzi. Tsiku limene linali m'mutu mwanga linali limenelo."

Ndinadula. Ndinatuluka, poti panja panali anthu ondidikira.

"Afika pati alendo?" anafunsa amalume.

Ndinagwada n'kuwapatsa foni. Anayamba n'kuseka nawonso, mpaka ndinawalozera ndi chala. "Ndi ameneyo."

Anaonera mpaka kumapeto. Anavula jekete, anaipinda bwinobwino pamwendo.

"Mlongo, pakulani tidye. Mwanayu sanalawe kanthu chim'mawa."

Amayi sanandikalipire. Ankangobweza mipando kwa aneba umodziumodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Chaka chathunthu, kwawo sindinapondeko, m'bale wake ngakhale mmodzi sindinamuone. Ndinkangodziwa benchi ya mafoni ndi mawu okoma. Munthu akamakubisirani kwawo, anzanga, musamuitanire amalume.

Mwakhala mukufunsa kuti bwanji peji ili zii chaka chatsopano chino. Emmie, usadandaule, sunalakwe. Vidiyo ija munaseka anthu 4,000, ndipo woyamba kuseka ndinali ine.