Utsi Umene Unkatsata a Bartholomew

Kukadakhala mpikisano wa maso m'boma la Dedza, a Bartholomew Zikhalo akadatenga chikho ndi tebulo lake lomwe. Munthu ameneyu akaima pa Linthipe ankawerenga nkhupakupa pa ng'ombe yodya msipu ku Chongoni, n'kukuuzaninso kuti zazikazi ndi zingati. Sukulu adalekezera Sitandade 5. Adachekako matabwa, adalimako mbatatesi, koma ntchito idawakhala ndi yaulonda wa moto m'nkhalango ya paini ya kampani ina. Zaka khumi ndi zinayi ali pansanja yamatabwa pamwamba pa phiri, maso ali tcheru kufuna utsi, pambali atapachika limu ya tayala la lole yoti aziimenya moto ukabuka.

Njoka sankaopa, fisi ankamupatsa moni. Chimene ankaopa ndi mdima wa bambo awo. Malemu aja adachita khungu mano akadali onse m'kamwa, ndipo a Bartholomew ndiwo ankawagwira ndodo popita ku Misa. Kulira kwa ndodo ija pamiyala sadakuiwale.

Tsono Lachiwiri lina mu Okutobala, udzu utauma gwa, cha m'ma 3 koloko masana, adaona chiutsi chakuda pamwamba pa mitengo. Adaimenya limu mpaka agalu a ku Mozambique adauwa. Kapitawo wawo, a Ignasio, adathamanga ndi amuna makumi awiri onyamula nthambi zozimira. Moto osaupeza, ngakhale fungo.

"Motowo wazima ndi mantha utamva dzina lanu, achimwene?" adafunsa a Ignasio ali wefuwefu.

Lachitatu, ola lomwelo, utsi uja tulukiru. Limu idaliranso, anthu adathamanganso pachabe. A Ignasio sadaseke.

"Kachitatu, nsanja imeneyi akwera wina."

Koma a Bartholomew adali atazizidwa ndi china. Atatembenuza mutu, utsi udatembenuka nawo. Atayang'ana kumwamba, uli pomwepo. Pachikhatho, uli pomwepo. Atatsinzina, udasanduka wobiriwira n'kumayandama. Utsi sudali m'nkhalango ayi, udali m'diso.

Adatsetsereka phirilo liwiro la mtondo wadooka, dzuwa likuswa mtengo, n'kulowa m'nyumba. Mdima bii! Mpando osauona, khoma osaliona.

"Amayi a Alinafe! Muli kuti?"

"Ndili pamphuno panupa," adayankha akazi awo, a Magadalena. "Mwaponda nyemba zanga."

Mawu akumveka, munthu osaoneka. Ndi momwemo mmene bambo awo ankafunsira. Adakhala pansi. Pang'onopang'ono nkhope ya a Magadalena idayamba kutuluka mumdimamo, koma mtima sudakhazikike. Khungu, amati, limayamba ndi kucheza, lisanabwere ndi mphasa yake.

M'mawa adapita kuchipatala, kolona ali m'manja, akuyang'anitsitsa chilichonse panjira ngati akutsanzika: mbuzi, mlatho, ngakhale apongozi. Dokotala wa maso, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo Alinafe, adawaunika ndi katochi nthawi yaitali moti malaya adanyowa ndi thukuta.

"Bambo, kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kansalu kopyapyala," adatero. "Pamenepo pali timaselo mamiliyonimamiliyoni. Kuwala kukatigunda, timatumiza uthenga ku ubongo kudzera mumtsempha, ndiye inu mumati ndaona. Tina n'tamasana, timazindikira mitundu. Tina n'tamumdima, timachedwa kudzuka, n'chifukwa chake mukachoka padzuwa kulowa m'nyumba mumayamba mwaona mdima."

"Ndiye tanga tafa tingati?"

"Sindikuona takufa. Koma mukayang'anitsitsa chinthu chowala kwambiri, timene tagundidwato timatopa, timayamba tapuma. Pamalo pamenepo mumaona banga, ndipo limapita kulikonse kumene diso lapita. Mumayang'ana chiyani chowala?"

"Ine? Mitengo basi."

"Bodza," adatero a Magadalena. "Malata."



Paja mwezi wathawo a Bartholomew adali atachotsa udzu padenga la nyumba yawo n'kukhoma malata atsopano, oyamba m'mbiri yonse ya banja la Zikhalo. Nyumbayo imaoneka bwinobwino kuchokera pansanja. Dzuwa likapendeka, malata aja ankathwanima molunjika nsanjayo, mwini wake n'kumawadyerera maso osaphethira, ngati mnyamata amene waona namwali pachitsime.

"Ine pokwatiwa sadandiyang'ane choncho," adatero a Magadalena.

Dokotala adaseka, kenaka adauma nkhope.

"Lekani, bambo. Kuwala kwa dzuwa kukanyanya, timaseloti timapsa, ndipo tikapsa sitiphukanso ngati udzu."

Mawu amenewo adawalowa mpaka m'mafupa. Tsiku lomwelo adagula penti wobiriwira, n'kukwera padenga atavala chipewa chophimba mpaka mphuno.

Lachisanu adakweranso nsanja. A Ignasio adali pansi, atapinda manja. 2 koloko idadutsa. 3 koloko idakwana. A Bartholomew adayang'ana kumwamba, adayang'ana pachikhatho, adatsinzina, adatsegula. Mbee, kulibe kanthu.

Nsanja ija akuikwerabe mpaka lero. Dandaulo lawo n'limodzi: diso limene limawerenga nkhupakupa ku Chongoni likulephera kupeza nyumba ya mwini wake, poti denga lafanana ndi mitengo. Ndiye anthu adziwa bwanji kuti ndi yamalata?